Oimba asanu, envulopu imodzi

Pa Sondo masana, mu basi yocokela ku Kulima Tower, munthu amene anakhala pafupi na ine analipila mipando iwili, wake na wa gitala. Kondakita sanamvele zakuti gitala ingakhale pa miyendo. Anyamata a kumbuyo ataona cisote cake ca ma cowboy anayamba kuseka. Ine n'nangokhala cete, cifukwa tinali kupita kumodzi, ku lodge ina kumene bandi yawo ya country imaliza Sondo iliyonse. Papita milungu ingapo nikuwatsatila, ndipo funso langa n'limodzi cabe: kodi anthu awa amadya bwanji?

Ali asanu. Woimba ni mdala amene anapuma nchito ku migodi ku Copperbelt. Wa gitala uja ni makanika. Wa bass amaphunzitsa pa sukulu ya private. Wa ng'oma amawochelela mageti na mawindo mu komboni. Wa keyboard ni mtsikana amene m'mawa amalizila kwaya ku chalichi, masana n'kuthamangila ku lodge. Palibe ngakhale mmodzi amene nyimbo zimamulipilila lendi.

Musaganize kuti alibe owamvetsela. Country ni nyimbo ya makolo athu. Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndeke mu 1964, caka cimene tinalandila ufulu, koma mawu ake akali kumveka m'nyumba zathu. Don Williams anafika mpaka ku Harare mu 1997, ndipo atamwalila mu 2017 ambili kuno anadandaula monga wafa ni wacibululu. Kenny Rogers anatsatila mu 2020. Dolly Parton ngakhale ba driver amamudziwa. Pa lodge paja n'naona azimayi na azibambo akuimba mawu onse pamtima, ena maso ali otseka. Anthu alipo. Cimene cikucepa ni ndalama yofika m'thumba la woimba.

Tiyeni ticite masamu. Tingoyelekezela kuti mwini malo walipila K3,000. Imamveka yambili, si conco? Manje cotsamponi ya motoka yonyamula ng'oma na masipika kupita na kubwela, pakuti zimenezo sizingalowe mu basi. Mtengo wa motokayo umayendela mafuta, ndipo mafuta ERB imawaunikanso mwezi uliwonse. Cotsamponi yobwelekela mixer. Cotsamponi ya nthambo za gitala, zimene zimacokela kunja ndipo zimamvela dola. Zotsalazo gawani pasanu. Ndiye malipilo a maola anayi oimilila, osawelengela madzulo a mkati mwa mlungu amene amakumana kuti ayeseze.

Cilala ca 2024 cinaonjezela vuto. Madzi atatsika ku Kariba, m'makomboni ambili malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku. Eni malo anayamba kugula dizilo ya jeneleta, ndipo pofuna pocepetsa anayang'ana ku steji. DJ ni munthu mmodzi na laputopu, mbale ya nsima imodzi, envulopu yopyapyala. Bandi ni pakamwa pasanu. Mwini bizinesi akaphunzila kuti Sondo ingadutse popanda bandi, saiwala msanga ngakhale malaiti atabwela. Wa ng'oma uja anamenyedwa kawili: makina owochelela anali zii mkati mwa mlungu, ndipo pa Sondo foni siinali kulila.

Koma sikuti vuto lonse lili kunja. Pa nyimbo zonse zimene n'namva pa masana aja, panalibe ngakhale imodzi yawoyawo. Apa m'pamene pagona nkhani. Bungwe la ZAMCOPS limatolela ndalama kwa amene amaliza nyimbo poyela, monga mawailesi na mahotela, n'kupatsa amene anapeka nyimbozo. Ukaimba ya Don Williams mokoma bwanji, siili yako. Ukatsika pa steji, malipilo ako athela pomwepo. Mdala wathu akadzaleka kuimba, sadzasiyila ana ciliconse kupatulapo cisote.

Tinaionapo kale njila ina. M'zaka za m'ma 1970, a Kaunda analamula kuti nyimbo zambili za pa wailesi zikhale za kuno. Mabandi amene anali kungokopela za kunja anayamba kupeka zawo. Ndiye nthawi ya Paul Ngozi na Ngozi Family, Amanaz na WITCH. Anatenga rock ya azungu n'kuikamo nkhani za kuno. Lelo WITCH ikuimba m'maiko akunja ndipo inatulutsa cimbale catsopano, Zango, mu 2023. Akanakhala okopela cabe, ndani akanabwela kudzawafuna patapita zaka zonsezi?

Country ndiye siivuta kuibweletsa kwathu, cifukwa imakamba zimene timakamba mu basi: nkhongole, cikondi cimene catha, mowa, Mulungu, munthu wosiya mudzi kubwela mu tauni. Makanika amene amalipilila gitala mpando ali na nyimbo kale, yangotsala kulembewa. N'tawafunsa, yankho linali lakuti makasitomala amafuna zimene amadziwa, ndipo akamva yacilendo amayamba kuceza. N'zoona, ndipo munthu amene akuyembekezela envulopu sangacite masewela na makasitomala. Koma pa nyimbo makumi atatu, ziwili za m'Cinyanja kapena m'Cibemba sizingathamangitse munthu amene wagula kale nyama yoocha.

Nafenso tili na mbali yathu. Imwe amene muli m'makomiti a ukwati, a kitchen party kapena a phwando la ku nchito, mukamakambitsilana mtengo na bandi, welengani mitu. Mukati acotseko K500, dziwani kuti mwalanda K100 m'nyumba zisanu. Ndipo akayesa nyimbo yawo, ikani foni pansi mumvetsele.

Pobwelela tinakwelanso basi imodzi. Kunali kutada, anthu anali ocepa, ndipo kondakita uyu analola gitala kukhala pa mpando mahala. Makanika uja anatsegula envulopu, anawelenga, n'kupatula ya nthambo imene inaduka pa nyimbo yothela. Pa Mande 07:00 anafunika kukhala pansi pa motoka ya munthu.