Thumba la Mulungu m'nkhokwe mwathu

Tikakolola matumba 10 a cimanga, timapatula limodzi kuti likhale cakhumi. Koma ikafika nthawi yogula feteleza, kapena njala ya mu Januwale, timalimasula thumbalo, n'kumati tidzabweza.

Pa Levitiko 27:30-33, lamulo linalola mlimi kuombola cakhumi ca zokolola, koma anayenera kulipira mtengo wake ndi kuonjezapo limodzi la magawo asanu: woombola matumba 5 analipira mtengo wa matumba 6. Ciweto cakhumi cokha sicinali kuomboledwa, ngakhale kusinthanitsidwa ndi coonda.

Ife tiona kuti Mulungu anamvetsa kusowa kwa mlimi, koma sanafune kuti tizolowere kubwereka zake. Conco tipereke cakhumi tsiku lomwe tatonola, thumbalo lisanayambe kuoneka ngati lathu.