Nyeleti za m'Maondo ndi Tizilombo Tosamva Mankhwala

Bvuto la tizilombo tosamva mankhwala ladetsa nkhawa maiko onse, pakuti m'caka ca 2019 cokha anthu oposa 1.2 miliyoni anafa nato. Tina mwa ito timalowa m'thupi ndi nyeleti ya steroid imene odwala amalasidwa m'maondo ndi m'mfundo zina kuti ululu ucepe.

Mu 1999, ku Texas m'dziko la America, anthu 12 olasidwa ndi dotolo mmodzi anadwala. Ofufuza anapeza kuti kacilombo ka Mycobacterium abscessus, kamene kali paubale ndi ka cifuwa ca TB, kanali m'mankhwala opukutira khungu asanalase munthu. Popeza steroid amafooketsa citetezo ca thupi, kacilomboka kamaswana mosabvuta, ndipo kukagonjetsa kumalira mankhwala a miyezi yambiri, mwinanso opaleshoni.

Ngati zotere zinacitika kwa dotolo wophunzira, ngozi njoposa kwa olasa nyeleti mobisa m'midzi. Mlimi wopanda maondo sagwira khasu. Conco aliyense amene bondo lace latupa, kutentha kapena kupweteka kwambiri atalandira nyeleti afunika kuthamangira ku cipatala, osati kukagula makapisozi pamsika.