Mwana wa Mlimi Asatsekeredwe Pakhomo la Bunda

Ophunzira amene alemba mayeso a Fomu 4 akamadzaza fomu yofunsira malo ku mayunivesite a boma, ambiri amathamangira zamalamulo, zaudokotala ndi zowerengera ndalama. Maphunziro a sayansi ya zomera amawaika kumapeto, ngati chisoso chomwe munthu amadyera nsima poti ndiwo zina zasowa. Ena amati ana a masiku ano amanyoza khasu. Ine ndikuona kuti vuto lenileni lili pa njira yolowera ku maphunzirowa ndi malipiridwe ake, chifukwa zimasefa ndi kutaya anthu amene dziko likuwafuna kwambiri, omwe ndi ana a alimi.

Digiri ya zaulimi wa mbewu imaphunzitsidwa kwa zaka zinayi ku Bunda, kufupi ndi Mitundu m'boma la Lilongwe. Koleji imeneyi inali nthambi ya University of Malawi kufikira pamene lamulo la 2011 linakhazikitsa LUANAR. Wofuna malo amafunsira kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, komanso akhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Pongowerenga, zonsezi n'zachilungamo. Koma taganizirani mtsikana wa pa sekondale yoyendera ya kumudzi komwe kulibe labotale. Sayansi yonse waiphunzira pa bolodi, ndipo khungu la tsamba sanalionepo pa makina okuzira zinthu. Komatu iyeyu amadziwa kuti kaufiti amakonda munda woguga, ndipo khate la chinangwa amalizindikira ali patali. Chidziwitso choterechi chilibe pochilemba pa fomu. Kuyambira 2020, pamene boma linathetsa ndondomeko ya kota, mpikisano watsamira kwambiri pa mapointi. Kotayo sindikuilira ayi, koma tivomereze kuti mapointi amayezanso sukulu yomwe mwana anaphunzirako.

Tinene kuti mtsikana uja wasankhidwa. Kumudzi kwamveka nthungululu, kenaka makolo ayamba kuwerenga mbuzi za m'khola. Kuchokera mu 2015 pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, ndipo lathandiza ambiri amene akanangokhala pakhomo. Komabe ofunsira ngongole amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo. Ngakhale wopatsidwayo ayenera kupeza yekha ya basi, zofunda, sopo ndi lendi ya poyambira ngati malo ogona pa sukulu amuthera. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka, akakolola, pamene njala ya wophunzira ndi ya tsiku ndi tsiku. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zonsezi inakwera osayembekeza kuti mbewu zikhwime.

Palinso china chomwe sitikonda kuchinena. Ngongole ndi yobweza. Womaliza maphunziro a zomera kawirikawiri amakalowa ntchito ya boma, kumalo a kafukufuku kapena ya ulangizi, yomwe malipiro ake sangafanane ndi a loya wa mu Blantyre. Mwana wosauka akafananiza ziwirizi n'kusankha zamalamulo, tisamunene kuti wanyoza munda. Wangowerengera bwino.

Nanga dziko likutayapo chiyani? Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi zachilendo zochokera ku America, zomwe ambiri amangozitcha ntchemberezandonda. Ku Thyolo ndi ku Mulanje matenda a chisaka anafafaniza minda ya nthochi, mpaka misika yathu inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mavuto otere amafuna munthu wodziwa tizilombo ndi matenda a mbewu, amenenso angakhale pansi ndi agogo pakhonde n'kumvana nawo. Tikumbukire chimanga cha MH18 chomwe akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mu 1990. Alimi anachilandira chifukwa chinkakonoleka bwino mumtondo ngati chamakolo. Amene anaganizira za mtondo ankaidziwa bwino nsima ya kwathu.

Maganizo anga ndi akuti wophunzira sayansi ya zomera akagwira ntchito kumudzi kwa zaka zingapo atamaliza sukulu, gawo la ngongole yake lizikhululukidwa. Ndiponso makampani ogula fodya, olima tiyi ndi ogulitsa mbewu, omwe amalemba ntchito akatswiri ophunzitsidwa ndi misonkho yathu, azilipirira ana angapo ochokera ku sekondale zoyendera chaka chilichonse, kuyambira pa ya basi yomwe.

Mnzanga wina wa zauphunzitsi anandifunsa kuti, "Nanga ife ndi anamwino talakwanji?" Funso lake n'lomveka, ndipo ndingakondwe ndondomekoyi itafika kwa iwonso. Koma thumba la boma ndi laling'ono, ndiye poyambira payenera kukhalapo. Ine ndingayambire pa ntchito yomwe anthu oposa theka la dziko lino amadzukira m'mawa uliwonse, ndipo oyamba kuthandizidwa akhale atsikana a ku sekondale zopanda labotale zija.