Yankho la minus limene Dirac anakana kufuta

Tonse amene tinadutsako ku sekondale tikumbukira funso lija: x² = 9. Mayankho ni aŵili, 3 na −3. Funso likakhala la kutalika kwa munda, aticha anali kutiuza kuti −3 tiifute, cifukwa kulibe munda wa mamita a minus. Pamenepo sananame. Cimene ise titsutsa ni cizoloŵezi cimene tinatengapo, cofuta yankho tisanafunse cifukwa cake labwela.

Mu 1928, Paul Dirac ku Cambridge analemba equation ya elekitiloni yogwilizana na relativity ya Einstein. Nayonso inabala mayankho aŵili, mphamvu za plus na za minus. Apa kufuta kunakanika. Mu quantum physics elekitiloni imadumpha kucoka pa mlingo wina wa mphamvu kupita pa wina, ndiye ngati pansi pa ziro pali malo, ma elekitiloni onse akanagwelamo, ma atomu n'kupasuka.

Dirac anati malo onsewo ni odzala kale, monga minibasi ya kuseni, ndipo lamulo la Pauli sililola aŵili pampando umodzi. Mmodzi akatulutsidwa, mpando wotsalawo umaoneka ngati kanthu ka caji ya plus. Poyamba anati kanthuko ni proton. Analakwa. Hermann Weyl anaonetsa kuti kayenela kulemela cimodzimodzi na elekitiloni, pamene proton imaiposa nthawi pafupifupi 1,836. Mu 1931 Dirac anavomela kuti ni cinthu catsopano, ndipo mu 1932 Carl Anderson ku Caltech anajambula njila yake mu cloud chamber. Ndiyo positron, antimatter yoyamba kuoneka.

Sitikamba kuti pa mayeso a Giledi 12 mukalembe munda wa −3, mudzafeluka. Koma kalasi imene mwana wofunsa kuti "nanga minus iyi itanthauza ciani?" amauzidwa kuti ataya nthawi ya silabasi, ise tiona kuti iphunzitsa kukhoza mayeso cabe.

Fanizo la malo odzala lija asayansi ambili analisiya, koma positron ikalipo. Makina a PET amene madokotala amafufuzila khansa amadalila kuwala kumene kumatuluka positron ikakumana na elekitiloni n'kuthelana. Ngakhale nthoci ya pamsika, cifukwa ca potassium-40 ali mkati mwake, imatulutsako positron imodzi pa mphindi pafupifupi 75.