Musanagule Rauta Ina, Pezani Pamene Yadukila

M'nyumba zambili muno mu Lusaka, intaneti ikangovuta, mlandu umagwela kampani imene timalipila kapena rauta. Ena amathamangila ku tauni kukagula ina. Ena amatenga kanyeleti n'kukanikiza kabatani ka reset, basi zonse zimene zinali kuseŵenza bwino zafafanizika. Ine niona kuti timataya ndalama cifukwa coganiza kuti Wi-Fi na intaneti n'zimodzi.

N'zosiyana. Wi-Fi ni kanjila kocoka pa foni yanu kufika pa rauta. Intaneti imayambila pa rauta kupita kunja. Ndiye cifukwa cake foni ingaonetse tumizele tonse twa Wi-Fi koma WhatsApp osayenda. Conco musanacite ciliconse, dzifunseni kuti yadukila pati.

Tengani laputopu, muilumikize ku rauta na waya. Ikakana na pa waya pomwe, onani ngati bundle ikalipo, onaninso kagetsi ka intaneti pa rauta, ndiyeno tumilani foni kampani. Koma ikagwila, kampani ilibe mlandu. Vuto lili m'nyumba mwanu.

Kambili vuto limakhala pamene munaika rauta. Nyumba zathu n'za mabuloko na konkili, ndipo Wi-Fi imafooka pa cipupa ciliconse. Icotseni kumbuyo kwa TV, muiike pamwamba, capakati pa nyumba. Dziŵaninso kuti 5 GHz imathamanga koma imavutika kudutsa zipupa. Ya 2.4 GHz imafika patali, koma m'mafulati mmene neba aliyense ali na rauta, imapanikizana. Pa 2.4 GHz sankhani channel 1, 6 kapena 11, cifukwa zitatuzi sizilowelelana.

Manje imwe amene munaika access point kuti Wi-Fi ifike ku zipinda za kumbuyo, mvelani. Ambili amaseŵenzetsa rauta yakale n'kuiŵala kuzima DHCP, imene imagaŵa maadiresi ku mafoni na makompyuta. Zikatelo, makina aŵili amalimbilana nchito imodzi, ndipo foni imagwila lelo, maŵa yakana. Atambala aŵili salila m'khola limodzi. Siyani rauta yaikulu cabe izigaŵa. Mukaona kuti adiresi ya laputopu yayamba na 169.254, ndiye kuti palibe amene waipatsa adiresi, ndipo mufunika kuona waya wocoka ku rauta kupita ku access point. Wayawo musaupeputse: umapambana ka repeater kamene kamangobweleza Wi-Fi yofooka kale.

Malaiti akabwela pambuyo pa load shedding zinthu n'kusokonezeka, zimani zonse. Yatsani rauta coyamba, yembekezani mamineti aŵili kapena atatu, ndiyeno yatsani ma access point.

Wina angakambe kuti izi n'za anthu a IT. Zoona, waya wa fibre ukaduka panja, palibe cimene mungacite koma kuitana eni ake. Koma zonse zimene nachula apa sizifuna dipuloma kapena ngwee. Zifuna cabe kuleza mtima: sinthani cinthu cimodzi, yesani, ndiyeno pitani pa cina. Mukasintha zisanu pa nthawi imodzi, simudzadziŵa cimene cakonza olo cimene caononga.

Cothela, ngati bundle isila mwamsanga, loŵani mu rauta muŵelenge mafoni amene alumikizidwa. Akapitilila a m'nyumba mwanu, sinthani password lelo lomwe.