Musatchule dzina la Niassa pogula ndege ya mabwana

Mkangano womwe ndinaupeza mu chapa yochoka ku Mandimba kupita ku Cuamba unanditopetsa tisanafike n'pakati pa ulendo pomwe. Bambo wina wa jekete, amene ankaoneka kuti anagwirapo ntchito m'boma, ankati dziko limene mtsogoleri wake alibe ndege yakeyake ndi lonyozeka pamaso pa anzake. Mnyamata wogula nandolo, atakhala pa thumba pafupi ndi chitseko, ankati ndege zoterezo zigulitsidwe zonse, ndalama zake zigule chimanga. Makilomita 150 anatha awiriwa akungobwereza mawu omwewo, uyu ulemu wa dziko, uyu chimanga. Palibe anafunsa kuti ndegeyo ndi yotani, imatera pati, imadya zingati ikakhala chiimire, nanga ikagulitsidwa ndalama zake zimalowera kuti.

Maganizo anga ndiwanene pano pomwe. Boma la Mozambique lisakhale ndi ndege ya mabwana ya mtundu umenewu, la Malawi ndi la Zambia chimodzimodzi. Koma chifukwa changa si cha mnyamata wa nandolo uja. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ofuna kuikira kumbuyo ndege yotere amatchula ife. Amati dziko ndi lalitali, Niassa ili kutali, mtsogoleri ayenera kufika msanga kwa anthu ake. Kutalika kwa kwathu kwasanduka chifukwa chogulira chinthu chimene kwathuko sichingatere n'komwe.

Mu 2017 boma linagula Bombardier Challenger 850 pa madola oposa pang'ono 9 miliyoni, kudzera mu thumba la chitukuko cha mtengatenga ndi mauthenga, n'kuipereka ku MEX, kampani yomwe ili pansi pa LAM, kampani ya ndege ya dziko lathu. Anati ndi ya malonda, yobwereketsa kwa aliyense amene ali ndi ndalama zake. Anthu anaidziwa bwino mu Novembala chaka chomwecho, itanyamula Pulezidenti Filipe Nyusi kupita ku Harare pa mwambo wolumbiritsa Emmerson Mnangagwa. Kumbukirani mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Mu Epulo 2016 n'kuti ngongole zobisika za boma zija, zomwe zonse pamodzi zinakwana madola pafupifupi 2 biliyoni, zitaululika. IMF ndi mayiko otithandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, ndipo mayi wogula sopo ndi mafuta ophikira pamsika wa Cuamba anamva kuwawa kwake asanamve n'komwe dzina la ngongolezo.

Chimene ambiri sadziwa ndi chiyambi cha ndegeyi. Challenger 850 inachokera ku CRJ200, ndege ya ku Canada ya mainjini awiri yomwe imanyamula anthu 50. Thunthu ndi lomwelo, mapiko ndi omwewo. Opanga anangosiya kuikamo mipando 50 ija, m'malo mwake anaikamo masofa, matebulo ndi kakhitchini, n'kuwonjezera matanki a mafuta, kuti anthu osakwana 20 atambasule miyendo. Ndiye taganizani. Dziko limene mphunzitsi wa ku Mandimba sangakwanitse tikiti ya ndege yopita ku Maputo, limene ulendo wa LAM wa ku Lichinga anthu amaudikira mtima uli m'mwamba, linatenga ndalama n'kugula ndege ya anthu 50 yochotsedwa mipando. Kwa ine mlandu wonse wagona pamenepa.

Za ulemu wa dziko sindichedwapo. Zambia, mu ulamuliro wa Edgar Lungu, inagula Gulfstream G650, ndege yaikulu ya mainjini awiri yomwe imatha kuuluka makilomita pafupifupi 13,000 osatera. Mu Novembala 2020 dziko lomwelo linalephera kulipira ngongole zake za kunja, ndipo palibe wokongoza ndalama amene anafewetsa mtima chifukwa choti mtsogoleri wa Zambia amatsika mu Gulfstream. Hakainde Hichilema atalowa m'boma mu 2021 ankakwera ndege za wina aliyense pa maulendo ataliatali, ndipo kumene ankapitako ankalandiridwa ngati mtsogoleri. Bambo wa jekete uja akufuna tikhulupirire kuti alendo amayeza dziko poyang'ana chimene chaima pabwalo la ndege. Amayeza poyang'ana mabuku a chuma, ndipo ife eni ake timayeza poyang'ana shelefu ya mankhwala kuchipatala.

Mfundo ya nthawi ndiyo ili ndi fupa, ndipo ndiivomereza. Kuchoka ku Maputo kufika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 1,400 mumlengalenga, pamsewu amapitirira 2,000. Chigawo cha Niassa pachokha n'chachikulu kuposa dziko lonse la Malawi. Aliyense amene ali ndi zaka zokwanira akukumbuka Januwale 2015, pamene mtsinje wa Licungo unadula msewu wa N1 ku Mocuba, kumpoto konse kukhala mumdima milungu ingapo. Pa nthawi ngati imeneyo mtsogoleri sangadikire ndege ya mawa. Ayenera kunyamuka lero.

Koma kufuna ndege lero si chimodzimodzi ndi kukhala nayo chaka chonse. Ndege ya mtundu umenewu imadya ngakhale ili m'shedi. Oyendetsa ake ayenera kulipidwa mwezi uliwonse ndiponso kutumizidwa kunja kawirikawiri kukayesedwa pa makina oyeserera kuuluka. Pali inshuwalansi. Pali zipangizo zimene zimasinthidwa potsatira kalendala, kaya ndegeyo yauluka kaya sinauluke, ndipo zonsezi zimagulidwa ndi madola, osati metikali. Odziwa za malonda amenewa amati kugula kumapindulitsa pokhapokha ngati ndegeyo iuluka maola mazana angapo pa chaka. Kupanda apo, kuchita hayala n'kotchipa. Akulu anati walira mvula walira matope. Madola 9 miliyoni aja anali mvula chabe, matope ake ndi a chaka ndi chaka, ndipo amenewa sawatchula polengeza kuti ndege yagulidwa.

Nanga imatera pati? Challenger ikadzaza imafuna msewu wa tala wa makilomita pafupifupi awiri kuti inyamuke. Ku Lichinga ungapezeke. Ku Cuamba kuli bwalo lalitali limene Apwitikizi anasiya, kuchokera nthawi imene tauniyi inkatchedwa Nova Freixo ndipo panali malo a ndege zawo zankhondo. Komabe munthu wa ku Cuamba wofuna kukwera ndege amayamba wapita ku Nampula kapena ku Lichinga. Ku Mandimba ndi ku Ngauma kulibe poti ndege yotere n'kuterapo. Mtsogoleri wofuna kufika ku Massangulo adzatsika ku Lichinga n'kukwera galimoto kapena helikopita, ngati mmene akanachitira atabwera pa ndege ina iliyonse. Ndege zimenezi anazipangira maulendo a pakati pa malikulu a mayiko. Ntchito yake ndi Harare, Luanda ndi Addis Ababa, ndipo amene akufuna kuigula anene zimenezo poyera, asabisale kumbuyo kwa Niassa.

Pali mfundo ina imene sindingailankhule mopepuka, ya chitetezo. Mayiko athu awiri, Mozambique ndi Malawi, analira maliro a ndege. Pa 19 Okutobala 1986 Samora Machel anafera ku Mbuzini akuchokera ku Mbala, ku Zambia. Pa 10 Juni 2024 wachiwiri kwa Pulezidenti wa Malawi, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu anafera m'nkhalango ya Chikangawa. Wina akanena kuti atsogoleri asamayende pa ndege zokayikitsa, ndimamumvera ndi mtima wonse. Koma tiyang'ane bwino. Machel anali mu ndege ya mtsogoleri yeniyeni, Tupolev ya mainjini awiri yokhala ndi oyendetsa akeake, ndipo mpaka lero ambiri amakhulupirira kuti boma la tsankho la South Africa linaikapo dzanja. Chilima anali mu Dornier 228 ya asilikali, akupita ku Mzuzu nyengo ili yoipa, ndipo akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera kanali ndi batire lomwe nthawi yake inatha mu 2004. Zaka 20 batire losasinthidwa. Vuto limenelo silitha pogula ndege ya masofa. Limatha posamalira ndege zimene zilipo, poika zipangizo za nyengo ndi zolondolera ndege m'mabwalo a kumadera, ndiponso polola woyendetsa kunena kuti lero sitinyamuka. Boma lolephera kusintha batire lidzalepheranso kusamala Gulfstream.

Mnyamata wa nandolo naye sindimusiya. Kunena kuti gulitsani mugule chimanga kumakoma m'khutu, koma anzathu a ku Malawi, kutsidya kwa Chiponde, anayesa kale. Bingu wa Mutharika anagula Dassault Falcon 900EX, ya mainjini atatu, mu 2009 pa madola pafupifupi 22 miliyoni, ndipo Britain inadula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni chifukwa cha zimenezo. Joyce Banda anaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni ku kampani ya Bohnox Enterprises. Anthu anauzidwa za chimanga. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndalamazo sizinalowe mu akaunti yaikulu ya boma, Akaunti Nambala Wani, zinakachepetsa ngongole ya zida zankhondo ku kampani ya Paramount Group ya ku South Africa. Dziko linaluza pogula, linaluza posunga, linaluzanso pogulitsa. Phunziro lake n'lakuti nthawi yokana ndege yotere ndi isanagulidwe. Ikangofika, njira iliyonse yotulukira ndi yotayitsa. Ndiponso chimanga chimadyedwa n'kutha chaka chomwecho, pamene vuto limene bambo wa jekete ankalozera, la kutalika kwa kwathu, limakhalapobe.

Kutalikako kulipo ndithu, ndipo ife tikudziwa chimene chakuchepetsa. Amene anayendapo pamsewu wa N13 usanaikidwe tala akukumbuka malole otitimira m'matope pakati pa Cuamba ndi Mandimba, anthu kugona panjira, fodya ndi thonje kuchedwa kufika kumsika. Makilomita 300 a Cuamba mpaka Lichinga ankatha tsiku lathunthu nthawi ya dzinja, mwinanso awiri. Lero, msewu utamangidwa ndi thandizo la African Development Bank ndi dziko la Japan, munthu amanyamuka m'mawa n'kukadya nkhomaliro kumene akupita. Njanji ya makilomita 262 ya Cuamba mpaka Lichinga itatsegulidwanso mu Novembala 2016, simenti ndi mafuta zinapeza njira ina yofikira kumtunda. Zimenezi ndiye zinasendeza Niassa pafupi, ndipo mwana wa mlimi anayendapo limodzi ndi bwanamkubwa.

Chatsala ndi makilomita a kuchoka pamsewu waukuluwo kulowa m'midzi, komanso maola amene wodwala alibe. Dzinja lina mkazi wa msuweni wanga, kumudzi kwina ku Ngauma, anavutika pobereka. Anamunyamula pa njinga yamoto, amuna awiri atamugwirizira, mpaka pachipatala chaching'ono. Ambulansi inalipo koma inalibe mafuta, ndipo tinasonkherana usiku womwewo. Mayi anapulumuka, mwana ayi. Ndikamva munthu akunena kuti ndege ya mabwana ndi yothandiza anthu a kutali, ndimakumbukira tochi ya foni imene tinkawerengera ndalama za mafuta zija.

Ngati boma likufunadi mapiko a Niassa, alipo ndipo ndi otchipa. Cessna Caravan, ndege ya injini imodzi, imanyamula anthu pafupifupi khumi kapena odwala ogona pa machira, ndipo imatera pabwalo la dothi losakwana kilomita imodzi. Amishoni a Mission Aviation Fellowship akhala akuuluka ndi tindege ta mtundu wa Cessna kuchokera ku Nampula kwa zaka zambiri. Ndalama za Challenger imodzi zikanagula ma Caravan atatu atsopano. Kuchoka ku Mandimba kupita ku chipatala chachikulu cha ku Nampula ndi makilomita pafupifupi 500 pamsewu; ndege yotere ingafike maola awiri asanakwane. Ndipo nayonso ibwere pambuyo pa mafuta a ambulansi, pambuyo pa milatho ya timitsinje timene timadula midzi mwezi wa Febuluwale. Tisadzabwerezenso za bwalo la ndege la Nacala, lomwe linatsegulidwa mu 2014 kuti lizilandira anthu 500,000 pa chaka koma limakhala zii masiku ambiri. Matenda ake ndi amodzimodzi, kugula chachikulu chooneka m'malo mwa chaching'ono chogwira ntchito.

Mtsogoleri akafuna kupita kutali mwachangu, boma lichite hayala, ndipo mtengo wa ulendo uliwonse ulengezedwe kuti tiudziwe. Akafuna kubwera ku Lichinga, akwere LAM. Akadzachedwa nafe pabwalo kawiri katatu, kampaniyo idzakonzeka msanga kuposa mmene makomiti angaikonzere, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Inu aphungu amene mumaimira Niassa ku Assembleia da República, tsiku limene nkhani yogula ndege ina ya mabwana idzabwere, ndipo idzabwera ndithu, musadzayambe ndi ulemu wa dziko kapena chimanga. Mudzafunse kuti idzauluka maola angati pa chaka, idzadya zingati ili chiimire, ndipo idzatera pa bwalo liti pakati pa Cuamba, Mandimba ndi Ngauma. Akadzalephera kuyankha funso lomalizali, mudzakane, ndipo mudzawauze kuti dzina la chigawo chathu alichotse pa pepalalo.