"Limbani Mtima" Si Mankhwala

Abale anga, tikapita kukazonda wodwala khansa yosachizika ku Ndirande kapena ku Bangwe, timanyamula nthochi ndi mawu awiri: "Limbani mtima." Kenako ulendo. Kumeneko ndi kuthawa, osati kuzonda!

Ku Tiyanjane, pa chipatala cha Gulupu, amapereka morphine, ululu n'kutsika. Nanga uyu amene milungu iwiri yatha sakugona, sakufuna kuona ana ake, akungoti "ndasanduka mtolo"? Mumati wataya chikhulupiriro, kapena aliyense woyembekeza imfa amatero. Ayi ndithu. Amenewo ndi matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika: uphungu ulipo, mankhwala ngati amitriptyline alipo.

Khalani pamphasa, mumumvetsere. Pobwerera kuchipatala, kawauzeni anamwino monga mumawauzira za kusanza. Masiku amutsalira ochepa, asathere kuyang'ana kukhoma.